Mankhwala Ali ku Chipatala, Koma Amamwedwa Kunyumba

Kuwerenga: 2 Mafumu 5:1-27

Musanayambe phunziro ili tsegulani Buku Lopatulika ndi kuwerenga mutu wonse. Ambirife timalekeza pa ndime 14 pamene Namani watuluka m'madzi ali wochira, koma lero mupitirize mpaka kumapeto. Powerenga, onkhetsani anthu amene anatengako mbali kuti munthu mmodziyu achire. Mupeza kamtsikana kogwidwa kunkhondo, mkazi wa Namani, mafumu awiri, mneneri Elisa, mthenga wake, ndi anyamata a Namani amene maina ao sanalembedwe. Mupezanso Gehazi, amene anafuna kudyerapo.

Nkhaniyi itithandiza kuona mmene dziko lathu la Zambia lalimbanirana ndi kachilombo ka HIV, ndi pamene ife azimai a Chigwirizano tiyenera kuima. Koma tigwirizane kaye pa zinthu ziwiri. HIV si khate, ndipo amene ali nako sayenera kupatulidwa mbale, kapu kapena mpando m'tchalitchi. Chachiwiri, Namani anachira kotheratu, pamene mankhwala a ARV sachotsa kachilombo m'thupi. Amakafooketsa kuti munthu akhale ndi moyo wathanzi, ndipo amamwedwa moyo wonse.

Woyamba kulankhula

M'nyumba ya Namani onse anadziwa za nthendayo. Mkazi wake anadziwa, antchito anadziwa, ngakhale mfumu inadziwa. Koma amene anatsegula pakamwa ndi kunena kumene kunali thandizo anali wamng'ono koposa onse, kapolo wochokera kudziko lina.

Matenda a Edzi anadziwika koyamba muno m'Zambia mu 1984. Achikulire mukumbukira zaka zija. Tinali kuika maliro sabata ndi sabata, koma dzina la nthendayo silinali kutchulidwa. Pamanda tinali kumva kuti malemu anadwala nthawi yaitali. Kumbali tinali kunong'onezana za kaliwondewonde, ndipo m'mabanja ambiri mlandu unagwera agogo osalakwa kuti ndiwo analodza.

Mu 1987 Pulezidenti Kenneth Kaunda anauza dziko lonse kuti mwana wao Masuzyo, amene anamwalira mu December 1986, anafa ndi Edzi. Taganizirani kulemera kwa mau amenewo, kuchokera kwa tate amene analinso mtsogoleri wa dziko, pa nthawi imene atsogoleri ambiri a mu Africa anali kukana kuti matendawa alipo. Mu 1990 mnyamata wina, Winstone Zulu, anakhala munthu woyamba m'Zambia kunena poyera kuti ali ndi kachilombo. Iye anakhala zaka zina 21 akuphunzitsa anthu za HIV ndi chifuwa cha TB, mpaka anamwalira mu 2011. Mu 1996 anthu okhala ndi kachilombo anapanga bungwe lao la NZP+, ndipo mu 2002 a Kaunda, atachoka kale pampando, anapimitsa magazi poyera kuti ena atengerepo.

Anthu awa sanabwere ndi mankhwala. Anangotchula chinthu ndi dzina lake, ndipo njira ya ku chipatala inayamba kutseguka.

Zaka za beseni ndi sopo

Mankhwala asanafike, zipatala zinadzaza mpaka odwala kugona pansi. Mu 1987 chipatala cha Chikankata cha mpingo wa Salvation Army, ku Southern Province, chinayamba kutumiza antchito ake m'midzi kukasamalira odwala m'nyumba zao ndi kuphunzitsa abale ao. Njira imeneyi inafalikira m'dziko lonse, ndipo anthu ochokera kumaiko ena anabwera kudzaiphunzira. Zipatala za mishoni, kuphatikizapo zathu za Nyanje ndi Kamoto, zinasenza katundu wolemera pamodzi ndi zinzake za m'bungwe la CHAZ, limene limagwirizanitsa ntchito za umoyo za mipingo kuyambira 1970.

Koma manja amene anagwira ntchitoyo m'mudzi anali a yani? Anali a inu. Munatunga madzi, munaphika phala, munachapa zofunda za odwala matenda otsegula m'mimba, nthawi zina opanda ngakhale magolovesi. Munasambitsa mitembo imene abale eni ake anali kuopa kukhudza. Ndipo maliro atatha, munatenga ana amasiye ndi kuwaonjezera pa ana anu. Mabuku a boma alibe maina anu, monga momwe mutu wathu ulibe maina a anyamata a Namani.

Ndikukumbutsa izi chifukwa magulu ena a Chigwirizano akali kuyembekezera ntchito ya mtundu umenewo. Popeza odwala ogonekedwa pamphasa achepa, tikuganiza kuti nkhani ya HIV inatha. Sinathe. Ntchito yasintha maonekedwe, ndipo yatsopanoyi sioneka msanga ndi maso.

Kalata ya mfumu

Mfumu ya Aramu inalemba kalata, Namani nanyamula siliva, golidi ndi zovala. Mfumu ya Israyeli itawerenga kalatayo inang'amba zovala zake, podziwa kuti ufumu wake wonse sungachiritse munthu mmodzi. Komabe popanda kalata ija Namani sakanadutsa malire. Boma lili ndi gawo lake, ndipo tiyenera kulidziwa.

Mu 2002 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa bungwe la National AIDS Council kuti liziyang'anira ntchito yonse. Chaka chomwecho mankhwala a ARV anayamba kuperekedwa kwa anthu ochepa ku UTH mu Lusaka ndi ku Ndola Central. Mu 2004 boma la a Levy Mwanawasa linalengeza kuti HIV ndi ngozi ya dziko lonse, ndipo mu 2005 mankhwalawa anakhala aulere m'zipatala za boma. Ndalama zambiri zinachokera kunja, ku thumba la Global Fund ndi ku ndondomeko ya dziko la America yotchedwa PEPFAR, imene inayamba mu 2003. Kuyambira 2013 mai aliyense wapakati kapena woyamwitsa wopezeka ndi kachilombo amayamba mankhwala a moyo wonse, ndipo mu 2017 boma linalengeza kuti aliyense wopezeka nako aziyamba mankhwala nthawi yomweyo, osadikira kuti thupi lifooke.

Zipatso zake zikuoneka. Kafukufuku wa boma wa 2001 mpaka 2002 anapeza kuti mwa anthu 100 alionse a zaka 15 mpaka 49, anthu 16 anali ndi kachilombo. Mu 2018 anapeza 11. Wina anganene kuti kutsikaku nkochepa, koma kumbukirani kuti anthu amene kale akanafa tsopano ali moyo, ndipo amawerengedwa. Kafukufuku wina wa 2021 anaonetsa kuti mwa akulu 100 okhala ndi kachilombo, 89 anali kudziwa. Mwa odziwawo 98 pa 100 anali pa mankhwala. Ndipo mwa omwa mankhwalawo 96 pa 100 kachilombo kanali katafooka m'magazi mwao.

Pali nambala imodzi imene iyenera kutisowetsa tulo. Mu 2018 azimai okhala ndi kachilombo anali 14 pa 100, pamene azibambo anali pafupifupi 8.

Kumira kasanu ndi kawiri

Apa ndi pamene pagona phunziro lathu. Namani anafika pakhomo la mneneri ndi akavalo ndi magareta, akuyembekezera chozizwitsa chooneka. Anauzidwa chinthu chapafupi ndi chobwerezabwereza: kukasamba mu Yordano kasanu ndi kawiri. Anakwiya, natembenuka kuti azipita kwao. Kalata ya mfumu inali itagwira ntchito yake, mneneri anali atanena mau ake, koma munthuyo anali kubwerera ndi nthenda yake. Amene anamubweza anali anyamata ake, anthu omudziwa bwino, amene anamuyandikira ndi kumulankhula mwaulemu ngati tate wao.

Boma likhoza kufikitsa mankhwala pa kiliniki ya kwanu. Nesi akhoza kufotokoza bwino lomwe. Koma nesi sabwera kunyumba kwanu madzulo alionse kudzaona ngati mbulu wamezedwa. Zimenezo zimachitika m'chipinda, pamaso pa mwamuna, apongozi ndi ana.

Mvetsani mmene mankhwalawa agwirira ntchito. Kachilombo kamalowa m'asilikali a m'magazi amene amateteza thupi, ndipo kamaswana m'menemo ndi kuwaononga. Ma ARV amatsekereza kuswanako. Munthu akamamwa tsiku ndi tsiku, kachilombo kamachepa kufikira makina opimira sakukaonanso, ndipo asilikali aja amachulukanso. Akamadumphitsa masiku, kachilombo kamayambanso kuswana, ndipo kakhoza kusintha mpaka mankhwala aja osakagwiranso. Pamenepo munthu amasamutsidwira ku mankhwala ena, amene nthawi zambiri ndi ovuta kumwa. Masiku ano ambiri amamwa mbulu umodzi patsiku, ndipo amene akuyenda bwino amapatsidwa mankhwala a miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi nthawi imodzi.

Pali uthenga wina wabwino umene azimai ambiri sanaumve. Munthu amene akumwa mankhwala mokhulupirika, ndipo kupima kwa ku chipatala kwaonetsa kuti kachilombo sikakuonekanso m'magazi, sapatsira mnzake wa m'banja pogonana. Kwa mwana wobadwa, popanda chithandizo chilichonse ana 15 mpaka 45 pa 100 amatengera kwa mai ao. Ndi chithandizo choyenera nambalayo imatsika pansi pa 5. Ndi chifukwa chake mai wapakati ayambe sikelo msanga, achilire ku chipatala, ndi kubwerera ndi mwana kukapimitsa pa masiku amene anesi anena mpaka atasiya kuyamwa.

Nanga nchifukwa ninji anthu amasiya? Si kupusa ai. Wina amabisa botolo m'thumba la ufa chifukwa sanauze mwamuna wake, ndipo tsiku limene bamboyo ali pakhomo iye samwa. Wina wapita ku maliro kumudzi kwa sabata, waopa kuti abale adzamva kulira kwa mibulu m'chikwama. Wina wanenepa, wayambanso kulima, waganiza kuti wachira. Wina mtsinje wadzaza nthawi ya dzinja ndipo tsiku lake la ku kiliniki lapita. Wina alibe chakudya, ndipo akuti mankhwala amamuzunguza mutu akamwa ndi njala. Pa zifukwa zonsezi palibe chimene chifuna dokotala wamkulu. Chifuna mnzake wapafupi amene angathe kusunga chinsinsi.

Pa mau akuti chinsinsi ndiimepo pang'ono, pakuti apa ndi pamene timagwa. Mai akakuuzani za magazi ake, wakupatsani moyo wake m'manja. Nkhaniyo si ya amai abusa, si ya mnzanu wapamtima, si ya mwamuna wanu. Ndipo tisiye khalidwe lija lobweretsa miseche titaiveka chovala cha pemphero: “Tiyeni timupempherere mai uje, mwaona mmene waondera.” Pemphero lotere likatha, mai uja sabweranso ku Chigwirizano, ndipo ena asanu amene anali kuganiza zoulula atseka pakamwa. Mungamupempherere popanda kutchula dzina. Mulungu amudziwa kale.

Azibambo athu ndi Namani weniweni. Ndi olimba, ndi olemekezeka, ndipo safuna kuima pamzere. Ambiri amati, “Mai wapimitsa ku sikelo, ndiye kuti nanenso ndapimitsa.” Si zoona. Alipo mabanja ambiri amene mmodzi ali ndi kachilombo ndipo mnzake alibe, ngakhale akhala pamodzi zaka. Ena amatapa mankhwala a mkazi wao mobisa, ndipo onse awiri amaperewera. Bambo wotere sagonja ndi kukalipiridwa. Onani mmene anyamata aja analankhulira: sanamunyoze, anangomuonetsa kuti chinthu chofunsidwacho nchochepa poyerekeza ndi moyo wake. Lero kuli tizipangizo topimira wekha kunyumba, ndipo banja lingapite pamodzi kukalandira uphungu. Pamene mmodzi yekha ali ndi kachilombo, a chipatala amalangiza za makondomu ndi mankhwala oteteza amene alibe, otchedwa PrEP. Kuteteza mnzako wa m'pangano si kusowa chikhulupiriro. Koma mai amene akuopa kumenyedwa akaulula asakakamizidwe. Ayambe wakamba ndi mlangizi wa ku kiliniki, amene angathandize kuti nkhaniyo inenedwe pamalo otetezeka.

Gulu lina ndi ana amene anabadwa ndi kachilombo, ambiri a iwo akuleredwa ndi agogo. Mwana wamwa mankhwala kuyambira ali wakhanda, akuuzidwa kuti ndi a chifuwa kapena oonjezera magazi. Akafika zaka 13 kapena 14 amawerenga yekha dzina pa botolo, kapena amamva kwa anzake. Mkwiyo wake umagwera pa mankhwalawo. Mwana auzidwe zoona pang'onopang'ono monga mwa msinkhu wake, asanathe msinkhu, ndipo anesi anaphunzitsidwa kuthandiza makolo pa ntchito imeneyi. Akapita ku sukulu yogonera komweko, pakhale munthu mmodzi wamkulu wodziwa ndi wosunga pakamwa.

Gehazi akali moyo

Elisa anakana mphatso za Namani. Gehazi anathamangira gareta, nanama, nalandira siliva ndi zovala, nakazibisa m'nyumba.

A Gehazi a masiku ano ali mitundu iwiri. Oyamba ndi aja amagulitsa madzi ndi mafuta odzozedwa, nauza wodwala kuti ataye mankhwala posonyeza chikhulupiriro. Nthawi zina munthu amapitadi kukapimitsa, nauzidwa kuti kachilombo sikakuoneka, nachitira umboni kuti wachiritsidwa. Koma taona kale tanthauzo la mau amenewo: mankhwala akugwira ntchito. Akasiya, kachilombo kamabwerera m'masabata ochepa. Ife timakhulupirira kuti Mulungu amachiritsa, ndipo timapemphera. Koma Mulungu yemweyo sanachiritse Namani pakhomo la mneneri ndi kugwedeza dzanja. Anamutumiza ku mtsinje wamba. Amene akuuzani kuti musankhe pakati pa pemphero ndi mankhwala, mufunseni kuti adzabwera kodi kudzalera ana anu.

Achiwiri ndi akuba mankhwala. Mu January 2025 boma la America linaimitsa mwadzidzidzi thandizo lake lopita kumaiko akunja, ndipo ntchito zina za HIV muno zinasokonekera, antchito ambiri a m'midzi nachotsedwa. Mu May chaka chomwecho kazembe wa dzikolo ku Lusaka analengeza kuti adula thandizo la mankhwala lokwana madola 50 miliyoni pachaka, ponena kuti mankhwala aulere anali kubedwa ndi kugulitsidwa m'masitolo. Kalata ya mfumu yakunja ikhoza kulembedwa lero ndi kung'ambidwa mawa. Ma ARV ndi aulere m'zipatala za boma ndi za mishoni. Wina akakupemphani ndalama, kanene kwa oyang'anira chipatala kapena ku komiti ya zaumoyo ya m'dera lanu. Ndipo azimai a Chigwirizano alowe m'makomiti amenewo.

Kamtsikana kaja

Tibwerere kwa mwana uja. Anali kutali ndi amai ake, m'nyumba ya munthu wamphamvu, wopanda womuteteza. Atsikana otere ali m'nyumba zathu: mwana wamasiye, wantchito wochokera kumudzi, mphwathu amene tikumuphunzitsa. Muno m'Zambia atsikana ndi azimai achichepere amatenga kachilombo kwambiri kuposa anyamata a msinkhu wao, ndipo kawirikawiri kamachokera kwa amuna akuluakulu amene ali ndi ndalama ya sopo, foni kapena fizi.

Ambiri a inu ndinu alangizi. Mumalangiza namwali, mumalangiza mkwatibwi. Timaphunzitsa kudzisunga ndi kukhulupirika, ndipo tipitirize. Koma mwambo umene umangophunzitsa mtsikana kugonjera ndi kusunga chinsinsi cha m'nyumba, osamuphunzitsa kukana ndi kuulula, umamupereka m'manja mwa womuononga. Muonjezere izi pa malangizo anu. Otomerana apimitse onse awiri ukwati usanachitike. Mwana kapena mai akagwiriridwa, apite ku chipatala msanga, asanathe maola 72, pakuti kuli mankhwala omwa masiku 28 amene amateteza kuti kachilombo kasakhazikike. Nkhaniyo ipite ku polisi, ku ofesi ya Victim Support Unit. Isathere pa bwalo la banja ndi mbuzi kapena ng'ombe, ngakhale wolakwayo ndi malume, mphunzitsi kapena mkulu wa mpingo. Dziko lili ndi lamulo loletsa nkhanza za pakati pa amuna ndi akazi la 2011, ndipo kuyambira 2023 ukwati wa mwana wosakwana zaka 18 ndi wosaloledwa, ngakhale ukwati wa mwambo.

Za amasiye nazonso tisachite nazo manyazi. Mwambo wokakamiza mai wofedwa kugona ndi mbale wa malemu kuti achotse imfa, kapena kulowa chokolo popanda kupimitsa, wapha anthu mbali zonse ziwiri. Kulanda chuma nako kumakankhira mai wamasiye kwa amuna oti amudyetse. Lamulo la 1989 limati munthu akafa osasiya wilo, ana alandire magawo 50 pa 100, mkazi kapena mwamuna wotsala 20, makolo 20, ndi ena odalira malemu 10. Pa maliro ife timakhala m'nyumba ndi namfedwa usiku wonse tikuimba. Tikhalenso naye m'mawa mwake pamene abale akugawa katundu.

Chomaliza chikhudza thupi lanu inu amene mukuwerenga. Mai amene ali ndi HIV ali pa ngozi yodwala kansa ya khomo la chiberekero kasanu ndi kamodzi kuposa amene alibe. Kansa imeneyi imayamba mwakachetechete, koma ikapezeka msanga imachizika. Kuyambira 2006 zipatala za m'Zambia zimapima pogwiritsa ntchito viniga, ndipo kupimako kumatenga mphindi zochepa. Kuyambira 2019 atsikana amalandira katemera wa HPV, kachilombo kamene kamayambitsa kansayi. Katemerayu saletsa kubereka, monga ena amanenera. Mai aliyense, kaya ali ndi HIV kaya alibe, afunse ku kiliniki za kupimitsa. Zimapepuka mukapangana tsiku ndi kupita gulu lonse pamodzi, amai abusa ali patsogolo.

Zokambirana pagulu

Werenganinso ndime 13. Kodi ndi mau otani amene mai angagwiritse ntchito popempha mwamuna wake kuti akapimitse pamodzi, popanda bamboyo kumva ngati akuimbidwa mlandu? Yesezani awiriawiri.

Mai wina wa m'gulu lanu atafuna kuulula lero, angapite kwa yani? Ngati simupeza dzina msanga, kambiranani chimene chachititsa.

Kodi kiliniki ya kwanu ili pa mtunda wotani, ndipo ndani amathandiza okalamba ndi ana kukatenga mankhwala nthawi ya mvula? Sankhani azimai awiri akaonane ndi anesi mwezi uno, akafunse masiku opima kansa ndi kumene gulu lingathandize, ndipo adzapereke lipoti pa msonkhano wotsatira.